Galimoto zakale za 4x4 ku Joni: mukugula chiyani kwenikweni?

Ukangolowa mwezi wa October, m'magulu a WhatsApp a Amalawi a ku Joni mumadzaza zithunzi za galimoto. Wina waiona pa Facebook Marketplace, wina wadutsa mu Jules Street ku Malvern, kumene ogulitsa galimoto zoyendapo kale andandalikana mbali zonse ziwiri za msewu. Funso limakhala limodzi: "Achimwene, kodi iyi ingakafike kumudzi pa Khirisimasi?" Mayankho ndiye amagawikana. Ena amati Land Cruiser yakale siifa, gulani musachedwe. Ena amati ndalama zonse zidzathera kwa makaniko ndi pomwetsera mafuta. Wofunsa uja amangoti kakasi, makamaka akaona kuti galimoto ya zaka 25, yomwe yayenda makilomita 400,000, akuitchula mtengo woposa wa kagalimoto ka zaka zisanu.

Nthawi zambiri otsutsanawa sakamba za chinthu chimodzi. Pansi pa dzina lakuti 4x4 pali makina a mitundu ingapo, ogwira ntchito mosiyana, ndipo madandaulo ambiri a eni ake amayambira pa kusadziwa mtundu umene agula.

Manambala awiriwo ndi kumene zinachokera

Nambala yoyamba ndi ya matayala amene galimoto ili nawo, yachiwiri ndi ya matayala amene amalandira mphamvu kuchokera ku injini. Ya 4x2 imakoka ndi matayala awiri okha. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika, chifukwa kuno ku South Africa muli ma Hilux, ma Isuzu KB ndi ma Ford Ranger ambirimbiri okwera m'mwamba, a matayala akuluakulu, amene maonekedwe ake ndi a 4x4 koma amakoka ndi akumbuyo okha. Musadalire chomata cha pachitseko. Gwadani, musuzumire pansi. Ya 4x4 yeniyeni ili ndi shafiti yachiwiri yolowera kutsogolo, ndipo ngati ndi yakale, pambali pa ndodo ya magiya pamakhala kandodo kena kakafupi.

Galimoto za mtunduwu zinatchuka ndi nkhondo. Asilikali a America anayamba kugwiritsa ntchito Jeep mu 1941. Nkhondo itatha, a kampani ya Rover ku Britain anatengera nzeruyo n'kupanga Land Rover, yomwe anaionetsa koyamba ku Amsterdam mu April 1948, diso lawo lili pa alimi. Ku Japan, Toyota inapanga yake mu 1951 n'kuipatsa dzina la Land Cruiser mu 1954. Nissan Patrol nayo ndi ya 1951. Hilux inabadwa mu 1968 koma ya 4x4 inabwera mu 1979, ndipo Mitsubishi Pajero inatsatira mu 1982.

Kwathu akuluakulu akukumbukira kuti Land Rover ndiyo inali galimoto ya boma: ya apolisi, ya a DC, ya alangizi a zaulimi, ya azibambo a ku mishoni. Lero malo amenewo inatenga Land Cruiser 70, ija ya maambulansi a zipatala za m'maboma, yomwe inayamba kupangidwa mu 1984 ndipo ikupangidwabe. Land Rover Defender yakale anasiya kuipanga mu January 2016. Tikamati "zakale" m'nkhani ino tikunena za m'zaka za m'ma 1980 kufika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nthawi imene makompyuta anali asanalowerere kwambiri m'galimoto.

Difu, ndi chifukwa chimene 4x4 imatitimira

Amene anayendetsapo ngolo akudziwa kuti pokhota, ng'ombe ya kunja imayenda mtunda wautali kuposa ya mkati, ndipo ikapanda kufulumira goli limapotoka, zonse ziwiri n'kuvutika. Matayala a galimoto ali ndi vuto lomweli. Pakona tayala la kunja liyenera kuzungulira mofulumira kuposa la mkati. Chimene chimalola zimenezi ndi difu, chibulunga chachitsulo chija mumachiona pakati pa ekiselo yakumbuyo. M'kati mwake muli timagiya tololeza matayala awiriwo kuzungulira pa liwiro losiyana uku onse akukoka.

Pa tala nzeru imeneyi ilibe chilema. Chilema chake chimaonekera pamatope. Difu wamba imagawa mphamvu mofanana kwa matayala awiriwo, koma muyeso wake ndi wa tayala limene lagwira pansi mofooka. Tayala limodzi likaponda poterera, kapena likalendewera m'malere podutsa ngalande, limangozungulira lokha n'kumamwaza matope, linzake lomwe laponda pouma lili duu. Ndiye mudzaona 4x4 yonse itatitimira, tayala limodzi lakutsogolo ndi limodzi lakumbuyo la mbali inayo akupalasa, awiri enawo osasuntha. Oonerera amaseka kuti nanga mphamvu zija zili kuti, pamene galimotoyo ikungochita zimene inapangidwira.

Mankhwala ake ndi diff lock, chokhomera chimene chimamanga matayala awiriwo kuti azungulire limodzi zivute zitani. Chimagwiritsidwa ntchito pa liwiro lochepa, galimoto italunjika, ndipo mukangodutsa malo ovutawo mumachimasula. Mukaiwala n'kulowa nacho pa tala, galimoto imakana kukhota ndipo shafiti ya m'kati mwa ekiselo ikhoza kuthyoka. Galimoto zatsopano zambiri zimathetsa vutoli mwa njira ina: kompyuta ikaona tayala likupalasa imaligwira ndi buleki, mphamvu n'kupita ku linzake. Zakale zilibe zimenezo, n'chifukwa chake pogula ndi bwino kufunsa kuti zokhomera zilipo zingati. Ma Land Cruiser 80 ena ali nazo zitatu, kutsogolo, pakati ndi kumbuyo. Defender yakale inkatuluka ndi chapakati chokha. Ma bakkie ambiri a kuno ali ndi chakumbuyo.

Funsaninso ngati zikugwira, ndipo musakhutire ndi yankho la pakamwa. Galimoto imene yatha zaka 15 ikungoyenda pakati pa Sandton ndi Fourways mwina mwini wake sanakhudzepo batani limenelo, ndipo chitsulo chosagwiritsidwa ntchito chimauma. Pitani nayo pamsewu wafumbi, mudine, muone ngati nyali ya pa dashibodi yasiya kuphethira n'kuyaka mokhazikika.

Kandodo kakafupi: 2H, 4H ndi 4L

Kuseri kwa giyabokosi kuli kabokosi kena ka magiya, kotchedwa transfer case, kamene kamagawa mphamvu pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Apa ndi pamene pagona kusiyana kwakukulu, ndiponso pamene anthu amawonongera ndalama zambiri.

Mtundu woyamba ndi wa galimoto zimene masiku onse zimayenda pa 2H, kukoka ndi akumbuyo, mpaka dalaivala atalowetsa yekha 4H, yokoka ndi onse anayi. Umu muli Hilux, KB, Nissan Hardbody, Patrol ndi Land Cruiser 70. Zimenezi zilibe difu yapakati. Mukalowetsa 4H, ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo zimamangika pamodzi. Pafumbi, pamchenga kapena pamatope palibe vuto, chifukwa matayala amatereka pang'onopang'ono n'kumasula kukokanako. Pa tala palibe potereka. Zitsulo zimayamba kupotana m'kati, chiwongolero chimalemera, matayala amalira pakona, ndipo kandodo kaja kamakana kubwerera pa 2H. Zikatero bwererani chambuyo mamita angapo molunjika, kapena pondetsani matayala a mbali imodzi padothi, kadzamasuka. Mukapitiriza kuyenda chomwecho, chimathyoka ndi transfer case kapena shafiti. Mvula ya mabingu ya masana a chilimwe ikagwa pa N1, ena amathamangira 4H poganiza kuti akudziteteza. Pa galimoto ya mtundu uwu ndi kuiwononga.

Mtundu wachiwiri ndi wa zokoka ndi matayala onse nthawi zonse. Range Rover inabwera nazo mu 1970, ndipo Defender, Discovery, Prado ndi ma Land Cruiser 80 ndi 100 ambiri ndi otere. Izi zili ndi difu yachitatu pakati, choncho pa tala zimayenda bwinobwino. Koma mukalowa pamalo ovuta muyenera kukhoma difu yapakatiyo, apo ayi tayala limodzi lokha likapalasa galimoto yonse yaima. Pajero kuyambira 1991 inabwera ndi njira yophatikiza mitundu iwiriyi, yotchedwa Super Select.

Pa galimoto zambiri za mtundu woyamba, pakati pa tayala lakutsogolo pali kachitsekerero kozungulira kolembedwa Free ndi Lock. Amenewa ndi mahabu. Ali pa Free, tayala silinalumikizike ku shafiti, ndipo ngakhale mulowetse 4H kutsogolo sikukoka. Muyenera kutsika n'kuwapotoza ndi dzanja, onse awiri. Dalaivala wozolowera amatsika akangoona kuti tala watha, nsapato zikadali zouma. Wosazolowera amatsikira m'thope la m'mawondo, n'kumapapasa habu yomwe yamira, manja akuterera, apongozi akuyang'ana pazenera. Amakaniko amalangizanso kukhoma mahabu kamodzi pamwezi n'kuyendako makilomita ochepa, kandodo kali pa 2H, kuti mafuta a m'difu yakutsogolo azungulire.

Tsono 4L. Iyi ndi giya yochepetsa liwiro kawiri kapena kuposa, n'kuchulukitsa mphamvu yokoka mwa muyeso womwewo. Imalowetsedwa galimoto itaima. Ntchito yake ndi kukwera pamiyala mwa kayendedwe ka munthu wapansi popanda kuwotcha kilatchi, komanso kutsika phiri injini ikugwira galimoto m'malo mwa mabuleki. Amene anatsikapo msewu wa Gorodi kuchokera ku Livingstonia kupita ku Chitimba, ndi makona ake 20 aja, akudziwa mmene mabuleki amanunkhira akatentha. Giya imeneyi ndiyo imasiyanitsa galimoto tikukambazi ndi zina monga RAV4 ndi X-Trail, zimene zina mwa izo zimakoka ndi matayala onse koma zilibe 4L. Pamsewu wafumbi wosamalidwa zoterozo zimakwanira. Pa makande a ku chigwa cha Shire m'mwezi wa February ndi nkhani ina.

Chesisi, ekiselo ndi nkhani ya ngozi

Galimoto zing'onozing'ono za masiku ano thupi lake lonse ndi chigoba chimodzi. Ma 4x4 akale ali ndi chesisi, zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ndi zopingasa, ndipo thupi limangokhazikidwa pamwamba. Kulimba kwake kumachokera apa, ndipo imfa yake imayambiranso apa, kudzera m'dzimbiri. N'chifukwa chake ogula amakonda galimoto imene yakhala ku Gauteng kuposa ya ku Durban kapena Cape Town, kumene mpweya wa kunyanja uli ndi mchere. Tengani kanyundo, mugogode chesisi cha kumbuyo kumene kwamangiriridwa masipuling'i. Penti wakuda watsopano pansi pa galimoto yakale ndi wofunika kumukayikira. Defender imanyenga kwambiri pamenepa: thupi lake ndi la aluminiyamu, silichita dzimbiri, pamene chitsulo cha pansi chikudyeka.

Zambiri zakale zili ndi ekiselo yathunthu kutsogolo, chitsulo chimodzi chogwira matayala onse awiri. Pamiyala tayala lina likakwera linzake limakanikizika pansi, ndipo zitsulo zake n'zochepa, zosavuta kukonza. Hilux inasiya ekiselo yotere chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 n'kuyamba yoti tayala lililonse liziyenda palokha, yofewa pa tala. Mpaka lero alimi ena amasaka za ekiselo yathunthu, pamene oyenda tsiku lililonse mu M1 ndi N3 amadandaula kuti zimagwedeza msana ndipo zimafuna kuwongoleredwa nthawi zonse.

Ambiri amaganiza kuti galimoto yachitsulo cholimba ndi yotetezeka pa ngozi. Si mmene zilili. Galimoto yamakono inapangidwa kuti kutsogolo kwake kuphwanyike n'kumeza mphamvu ya kugundako, anthu m'kati n'kupulumuka. Yolimba ponseponse imapereka mphamvuyo kwa okwera. Zakale zambiri zilibe ma airbag kapena mabuleki a ABS, n'zazitali, ndipo zimagubuduka msanga dalaivala akakhota mwadzidzidzi. Mu 2018 bungwe loyesa chitetezo cha galimoto la Global NCAP mogwirizana ndi Automobile Association (AA) ya kuno linayesa Nissan NP300 Hardbody, yomwe inkagulitsidwa yatsopano koma kapangidwe kake kali kakale, ndipo pa chitetezo cha akuluakulu sinapeze nyenyezi ndi imodzi yomwe.

Onjezani katundu wa December: firiji, njinga, mabelo a mabulangete, zonse padenga. Kulemera kukakwera m'mwamba, kugubuduka kumayandikira. Galimoto iliyonse ili ndi kachitsulo kolembedwa kulemera kumene siyenera kupyola, anthu ndi mafuta zili momwemo. Kukweza galimoto ndi masipuling'i aatali ndiponso kuika matayala aakulu kumathandiza pamiyala, koma kumaonjezera vuto lomweli, kumanamiza sipidomita kuti mukuyenda pang'ono pamene mukuthamanga, ndipo a inshuwalansi mukapanda kuwauza akhoza kukana kulipira.

Injini pamwamba pa Highveld

Johannesburg ili pa Highveld, malo okwera mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 17 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi ku Durban. Injini ya dizilo ya 1HZ ya malita 4.2, yomwe Toyota inayamba kuipanga mu 1990 ndipo imatamandidwa chifukwa chokhalitsa, ilibe turbo. Ya malita 2.8 ya Hilux yakale nayonso ilibe. Pachitunda cha msewu waukulu mudzakhala kumanzere pamodzi ndi mathiraki, ndipo kupitirira basi kumafuna kuwerengera patali. Injini za turbo, monga KZ-TE ya Toyota kapena 300Tdi ndi Td5 za Land Rover, sizivutika kwambiri ndi kukwera kwa malo. Ena amaikitsa turbo pa injini imene inalibe. Mphamvu imabweradi, koma kutentha kwa m'kati kumakweranso, ndipo amakaniko sagwirizana ngati injiniyo imakhalitsabe.

Chimene chimakopa anthu ku dizilo yakale ndi pampu yake. Imayendetsedwa ndi zitsulo basi, ndipo makaniko wa ku Tete kapena pa Mwanza akhoza kuifufuza ndi masipanala. Injini za common rail, zoyendetsedwa ndi kompyuta, monga D-4D ya Hilux ya kuyambira 2005, zimamwa mafuta ochepa, zili ndi mphamvu zambiri ndi utsi wochepa, koma zimafuna makina oyezera ndipo dizilo wakuda amaziwononga msanga. Nkhani ya dizilo woipa si mphekesera chabe: kumayambiriro kwa 2024 unduna woona za mphamvu kuno unalengeza kuti malo 70 omwetsera mafuta anapezeka akugulitsa dizilo wosakaniza ndi parafini. Yakale imapirira zotere kwa kanthawi, koma nayo imadyeka.

Za petulo, monga Land Cruiser ya malita 4.5 kapena Patrol ya 4.8, zimatsika mtengo pogula chifukwa cha ludzu lake. M'tauni malita 18 kapena kuposa pa makilomita 100 si zachilendo. Werengerani ulendo wa tsiku lililonse wochokera ku Cosmo City kapena Tembisa kupita kuntchito musanakopeke ndi mtengo. Pali chinthu china cha kuno kokha: pakati pa 1997 ndi 2001 ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria ankapanga Defender ya injini ya petulo ya BMW ya malita 2.8, yomwe lero okonda galimoto zakale amaisaka.

Chimapha injini zakale kwambiri ndi kutentha. Lediyeta yotsekeka, paipi ya madzi yofumbwa, fani yofooka, kenako hedi ya injini yang'aluka pachitunda galimoto italemedwa. Lamba wa timing pa injini zimene zili naye ali ndi nthawi yake yosinthira, ndipo akaduka amawononga ma valve. Ine ndikaona mabuku a sevisi ndi malisiti ndimakhulupirira kuposa nambala ya makilomita, chifukwa nambalayo imabwezedwa.

Mapepala, ndi chifukwa chimene mitengo siitsika

Ku Malawi tinazolowera galimoto zoyendapo kale zochokera ku Japan. South Africa siilola zoterozo kulowa kuti zigulitsidwe muno, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera, pofuna kuteteza mafakitale ake monga a Toyota ku Prospecton ku Durban, a Ford ku Silverton ndi a Isuzu ku Gqeberha. Zija zimatsikira padoko la Durban zimangodutsa. Choncho ma 4x4 akale a mapepala a kuno alipo owerengeka, chaka chilichonse akucheperachepera, pamene alimi, oyenda m'thengo ndi otengera anthu katundu kumudzi onse akuwafuna. Mtengo wodabwitsa uja umachokera pamenepa. Ndipo wina akakuonetsani Prado kapena Hilux Surf yotchipa ya nambala yakunja n'kunena kuti mapepala a kuno adzakonza, dziwani kuti lamulo silipereka njira yapafupi yotero.

Galimoto ikasintha mwini imayenera kuyesedwa n'kupatsidwa chiphaso cha roadworthy, ndipo wogula ali ndi masiku 21 oti ailembetse m'dzina lake. Mlendo wopanda chiphaso cha unzika wa kuno amafunika Traffic Register Number, imene imatengedwa ku ofesi ya malaisensi. Chiphaso cha roadworthy chimangonena za mabuleki, magetsi, matayala, chiwongolero ndi zina zotero. Sichinena kanthu za moyo wa injini kapena wa transfer case.

Nambala ya VIN yodindidwa pa chesisi ndi ya pa injini ziyenera kufanana ndi za pa pepala. Pa galimoto zakale injini zimasinthidwa kawirikawiri, ndipo yosinthidwayo imafuna chilolezo cha apolisi kuti ilowe m'kaundula. Yolembedwa Code 3 ndi yomangidwanso itawonongeka kwambiri. Si yoletsedwa, koma mtengo wake ndi wotsika ndipo a inshuwalansi ena amaikana. Mukagula kwa munthu wamba, kawirikawiri mumagula voetstoots, kutanthauza mmene ilili, zikavuta mawa n'zanu. Mukagula kwa wochita malonda a galimoto, lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limakupatsani miyezi 6 yodandaula pa zilema zimene zinabisika. Disiki ya chaka ndi chaka imalipiridwa potengera kulemera kwa galimoto, choncho 4x4 imadula kuposa kagalimoto. Laisensi ya Code B imalola galimoto yosapyola makilogalamu 3,500 ndi ngolo yosapyola 750. Ngolo zikuluzikulu zija za otengera katundu zimafuna EB. Pomaliza pali akuba: Hilux ndi Land Cruiser zimafunidwa kunja kwa malire ndiponso pa msika wa masipeya, n'chifukwa chake a inshuwalansi ambiri amafuna tracker.

Kunja kwa tala

Chida chachikulu pamchenga ndi mpweya wa m'matayala. Pa tala mumayenda ndi mpweya wa muyeso wa mabaa 2 kapena kuposerapo. Pamchenga wakuya mumaphwetsa kufika cha pa 1.2, tayala limatambalala n'kuyandama m'malo mokumba. Mukabwerera pa tala popani msanga, chifukwa tayala lofewa likathamanga limatentha n'kuphulika. Onaninso msinkhu wake: m'mbali mwa tayala muli manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Tayala la zaka 10 likhoza kukhala ndi mano onse koma mphira wake atauma.

Madzi ndi amene amapha, galimoto ndi anthu omwe. Injini ikakoka madzi m'malo mwa mpweya, zitsulo za m'kati zimapindika nthawi yomweyo. Chipaipi chija chokwera m'mbali mwa galasi, chokokera mpweya wa injini m'mwamba, chimathandiza, koma sichiletsa mtsinje kukokolola galimoto. Zimenezi n'zoona pa mtsinje wa kumudzi, n'zoonanso pa timilatho totsika ta Jukskei mvula ikagwa mwamphamvu muno m'tauni.

Kukhala ndi 4x4 sikupereka ufulu woyenda paliponse. Kuyambira kumapeto kwa 2001, nthawi ya nduna Valli Moosa, South Africa inaletsa kuyendetsa galimoto pamchenga wa m'mphepete mwa nyanja popanda chilolezo. Milu ya dothi la migodi ya kumwera kwa mzindawu ili ndi eni ake. Ofuna kuphunzira amapita ku malo olipira a cha ku Hennops ndi De Wildt kufupi ndi mapiri a Magaliesberg, ndipo ozolowera amakayesa Sani Pass, msewu wokwera kufika pa mamita oposa 2,800 kulowa ku Lesotho. Kuyesera 4L Loweruka lina kumeneko kuli bwino kusiyana ndi kukaiphunzirira usiku pakati pa Rumphi ndi Nyika.

Ulendo wa kumudzi ndi mafunso otsala

Kuchokera ku Johannesburg kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Zobue kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 1,700, ndipo pafupifupi onsewo ndi a tala, ngakhale wokumbikakumbika m'malo ena. Pachipata chilichonse amafuna pepala la umwini, kalata ya banki ngati galimoto ili pangongole kapena ya mwini wake ngati si yanu, chilolezo cholowetsa galimoto kwa kanthawi, ndi inshuwalansi ya dzikolo. Yokasiya kumudzi imafuna chilolezo cha apolisi chotulutsira kunja ndi msonkho wa MRA, umene umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, zinthu ziwiri zimene 4x4 yakale ili nazo zochuluka.

Funso loyamba limene anthu sagwirizana lili pomwepa. Kandodo kakafupi kaja kamagwira ntchito pa makilomita 20 kapena 30 omalizira, milungu iwiri pachaka, pamene mafuta ake mumalipira miyezi yonse 12 mu Joni. Amene kwawo ndi m'mbali mwa M1 ya ku Malawi amati bakkie ya 4x2 yokhala ndi diff lock ikukwanira. Amene kwawo ndi kuseri kwa dambo amayankha kuti makilomita omalizirawo ndiwo ulendo wonse.

Lachiwiri ndi la malamulo. Pakadali pano galimoto ya munthu wamba imayesedwa ikamasintha mwini basi, pamene mathekisi amayesedwa chaka chilichonse ndipo mabasi pa miyezi 6. Boma lakhala likukamba zoti galimoto zopitirira zaka 10 ziziyesedwa pafupipafupi. Zikadzachitika, kodi mitengo ya zakale idzagwa, kapena zosamalidwa bwino zidzakwera kuposa lero? London inayamba kulipiritsa galimoto za utsi wambiri zolowa pakati pa mzinda mu 2017. Ngati mizinda ya kuno idzatsatire, sizikudziwika.

Lachitatu ndi la mafuta. Pa mapampu pali dizilo wa 500ppm, wa 50ppm, ndipo malo ena wa 10ppm, manambala osonyeza kuchuluka kwa sulfure. Malamulo atsopano akuyembekezeka kutsitsa muyeso kufika pa 10ppm mu 2027. Eni galimoto zakale ena amati dizilo wotere ndi wouma ndipo amadya pampu, mpaka amathiramo mafuta a injini za two-stroke. Ogulitsa mafuta amati anathiramo kale zofewetsa ndipo zimenezo n'zosafunika.

Lotsiriza ndi la masipeya ndi anthu. Za Toyota zimapezeka kuyambira m'mashopu a ku Booysens mpaka ku Limbe, zenizeni ndi zachinyengo zosakanikirana, pamene za Pajero, yomwe inasiya kupangidwa mu 2021, ndi za Land Rover zakale zimadalira ogulitsa ochepa. Amakaniko odziwa kutchera pampu ya dizilo ndi khutu akukalamba, ndipo anyamata akuphunzira za makompyuta. Kodi zaka 10 zikubwerazi wokonza 1HZ adzapezeka mosavuta ku Gauteng, kapena adzakhala wa ku Ndirande ndi ku Mchesi, kumene galimoto zoterezi zikugwirabe ntchito tsiku ndi tsiku?